Liwu lachilendo lopanda gwero pa Wikipedia: lisungidwe kapena lifufutidwe?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa kusekondale amene amathandizako kukonza nkhani pa Wikipedia ya Chingerezi akapeza mpata. Iye akuti: "Ndapeza nkhani ya mizere inayi yofotokoza liwu la chilankhulo china cha ku Asia chimene ine sindichidziwa. Ikuti liwulo limatanthauza chisoni chimene munthu amamva akapeza nyumba imene anakuliramo yasanduka bwinja. Nkhaniyi yakhalapo zaka zambiri, koma palibe buku kapena nyuzipepala imene yatchulidwa. Mkonzi wina akufuna ifufutidwe. Ine zikundiwawa, chifukwa tanthauzolo ndi lokoma ndipo silikulakwira munthu. Kodi kufufuta si kutaya nzeru?"

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha funsoli. Musathamangire kufufuta, komanso musaiikire kumbuyo nkhaniyo chifukwa choti yakukhudzani mtima. Ipatseni sabata imodzi yoifufuzira moona mtima. Gwero likapezeka, ikhale. Likapanda kupezeka, ichoke, ndipo inuyo mukhale mmodzi wa ovomereza kuti ichoke. Ndikudziwa kuti mbali yachiwiriyi ndi imene ikukuwawani, ndiye ndikhalitsa pamenepo.

Pali nkhani imene wolemba wake sanatchule kumene anatenga zimene analembazo, ndiye pali nkhani imene ilibiretu kumene inachokera. Poziwerenga pa foni zimaoneka ngati mapasa, koma si chinthu chimodzi. Wikipedia inayamba mu Januwale 2001, ndipo m'zaka zoyambirirazo anthu ankangolemba zimene akudziwa, panalibe wokakamira kwenikweni kuti atchule mabuku. Nkhani zambiri za nthawi imeneyo n'zoona, kungoti palibe anabwerera kukaziikira umboni. N'chifukwa chake malangizo a pa Wikipedia ya Chingerezi amati chofunika n'chakuti magwero odalirika alipo kwinakwake, osati kuti alembedwa kale pansi pa nkhaniyo. Amanenanso kuti munthu asanapemphe kuti nkhani ifufutidwe, ayambe wafufuza yekha. Choncho mnzanuyo mumufunse mwaulemu kuti wayang'ana kuti ndi kuti. Ngati wangolemba liwulo pa Google m'zilembo zathu zino n'kuona kuti palibe chatuluka, ndiye kuti sanafufuze. Zilankhulo zambiri za ku Asia zili ndi zilembo zakezake, ndipo liwu likamasamutsidwira m'zilembo zimene tikugwiritsa ntchito panozi limatha kulembedwa m'njira zitatu kapena zinayi.

Koma pali lamulo lina limene likuloza inu. Mawu akakayikiridwa, udindo wobweretsa umboni umagwera amene akufuna kuti mawuwo akhalepo. Mnzanuyo sakuyenera kutsimikiza kuti liwulo kulibe, chifukwa palibe amene angatsimikize zimenezo. Ndinu woyenera kusonyeza kuti lilipo.

Ndiye tiyerekeze kuti mwalipeza m'dikishonale ya chilankhulocho, tanthauzo lake lomwelo. Mlandu sunathebe. Dikishonale imanena za liwu: limatchulidwa bwanji, limatanthauza chiyani, linachokera kuti. Insaikulopediya, monga Wikipedia, imanena za chinthu chimene liwulo likuimira, ndipo pafunika kuti pakhale zonena zopitirira tanthauzo. Tengani mawu athu omwe, amene kwa wowerenga Chingerezi ndi achilendo. Liwu loti mawa ndi loona, aliyense amalidziwa, koma mukalimasulira mwamaliza, palibenso chowonjezera. Malo ake ndi m'dikishonale. Liwu loti ganyu m'dikishonale limatenganso mzere umodzi, koma ochita kafukufuku alemba zambiri za ganyu m'Malawi: mmene mabanja amasiyira minda yawo m'miyezi ya njala kukapalira minda ya ena kuti apeze chakudya cha tsikulo, ndi mmene zimenezo zimachepetsera zokolola zawo chaka chotsatira. Pamenepo pali nkhani.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi ubuntu, liwu la Chizulu ndi Chixhosa limene ndi mbale wake wa umunthu wathu. Palibe munthu wanzeru amene angati nkhani ya ubuntu ifufutidwe chifukwa ndi liwu lachilendo. Liwuli linalembedwa kumapeto kwa malamulo oyendetsera dziko la South Africa a 1993, ongogwirizira aja. Mu 1995, khoti lalikulu loona za malamulowa litathetsa chilango cha imfa pa mlandu wa Makwanyane, oweruza ena anatsamira pa ubuntu pofotokoza maganizo awo. Desmond Tutu analilalikira ndi kulilemba. Anthu analitsutsanso, ena ponena kuti andale amalitambasula mpaka kusowa tanthauzo. Liwu limene anthu akangana nalo m'khoti, m'tchalitchi ndi m'mayunivesite lili ndi mbiri, ndipo mbiriyo ndiyo imadzaza tsamba. Nkhani yanu ya mizere inayi, monga mwaifotokozera, ilibe chilichonse cha izi. Ili ndi tanthauzo lokha.

Tsopano tifike pamene mwati tanthauzolo ndi lokoma. Kukoma kumeneko ndi kumene kukundichititsa mantha. Pa zaka zimene ndakhala ndikumasulira ndi kusonkhanitsa mawu, ndaona kuti liwu lachilendo likabwera ndi tanthauzo lalitali, lokhudza mtima, looneka ngati ndakatulo, nthawi zambiri pali wina amene walithira mchere panjira. Mu 2004 kampani ina yomasulira ya ku London, Today Translations, inalengeza kuti itafunsa akatswiri a zilankhulo 1,000, liwu lovuta kwambiri kumasulira padziko lonse ndi ilunga, la Chiluba cha ku Democratic Republic of Congo. Anati limatanthauza munthu amene amakhululuka ukamulakwira koyamba, amapirira kachiwiri, koma kachitatu ayi. BBC inaulutsa nkhaniyi, nyuzipepala zambiri zinatengera, ndipo mpaka lero tanthauzoli limayendayenda pa Facebook. Koma pasanapite nthawi anthu anayamba kufunsa, chifukwa ku Congo Ilunga amadziwika kwambiri ngati dzina la munthu. Kuli Kalala Ilunga wa m'mbiri yakale ya Aluba, kuli Hérita Ilunga amene anasewera mpira ku West Ham, kuli Sylvestre Ilunga Ilunkamba amene anakhala nduna yaikulu ya dzikolo kuyambira 2019 mpaka 2021. Taonani kuti apa gwero linalipo, lalikulu ndithu, koma lonse linkabwerera ku chilengezo chimodzi cha kampani imene inkafuna kudziwika. Nkhani yabwino ya ilunga ndi imene imanena kuti tanthauzoli analifalitsa ndani, liti, ndipo ndani anakayika. Ngati liwu lokhala ndi BBC kumbuyo kwake likufunika kusamala chonchi, kuli bwanji lopanda aliyense?

Mwatinso silikulakwira munthu. Apa sindikugwirizana nanu, aphunzitsi. Likulakwira eni chilankhulocho, kungoti iwo palibe pamalopo kuti adandaule. Tsiku lina mlendo wochokera ku Ulaya anandionetsa kabuku kake ka m'thumba, kachikuto chakuda, kamene ankalembamo mawu a Chichewa paulendo wake wa kunyanja. Pa tsamba lina analemba "odi", ndipo pambali pake, m'zilembo zing'onozing'ono zaudongo, anafotokoza kuti liwuli limatanthauza kuti mzimu wanga ukupempha malo pakati pa mizimu ya pakhomo pano. Anali atalizunguliza ndi bolopeni yofiira, akumwetulira, akuti ndi liwu lokongola kwambiri limene anamvapo. Wina anamuuza choncho m'minibasi. Ndinamuuza kuti odi ndi odi, timanena tikafika pakhomo pa munthu, mwini wake n'kuyankha kuti odini kapena lowani. Anakhumudwa, ndipo ndinaona kuti akanakonda kusunga tanthauzo lakelo. Mumtima mwanga munawawa, chifukwa ulemu weniweni umene uli mu odi, wosangolowa m'nyumba ya mwini ngati mbuzi, anauona kuti ndi wochepa, n'kufuna kutiveka zovala zimene si zathu. Kabuku kameneko kakanasanduka nkhani ya pa intaneti, ndani wa kwawoko akanadziwa kuti n'zabodza? Paja akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Apa ndi pamene liwu lachilendo limasiyana ndi nkhani zina. Wina akalemba zabodza za London, anthu masauzande amaziona tsiku lomwelo. Akalemba zabodza za liwu la chilankhulo chimene akonzi ake sachidziwa, aliyense amadutsa mwaulemu, akuganiza kuti mwina wolembayo ndi mwini chilankhulo. Choncho zaka zimene nkhani yakhalapo si umboni wa chilichonse. Mu 2005 munthu wina analemba pa Wikipedia ya Chingerezi kankhani kakafupi ka Jar'Edo Wens, ponena kuti ndi mulungu wa Aaborijini a ku Australia. Kanalibe gwero. Dzinalo linkamveka lachilendo mokwanira, ndipo palibe anafunsa. Kanafufutidwa mu Malichi 2015, patapita zaka pafupifupi khumi, zitadziwika kuti mulungu wotero kunalibe. Pofika nthawi imeneyo dzinalo linali litalowa kale m'mindandanda ya milungu ya anthu a mitundu ina imene anthu amakopera pa intaneti. Chipembedzo cha anthu enieni chinapatsidwa mulungu wopeka, iwo osadziwa.

Bodza likakhala nthawi yaitali chonchi limayamba kudziberekera mboni. Mu 2008 mnyamata wina wa sukulu ku New York anawonjezera pa nkhani ya kanyama ka ku South America kotchedwa coati kuti dzina lake lina ndi Brazilian aardvark. Anangopeka. Patapita nthawi dzinalo linatuluka m'nyuzipepala za ku Britain ngakhalenso m'buku losindikizidwa ndi yunivesite, ndipo aliyense wofuna umboni akanaupeza mosavuta. Ichi ndi chimene muyenera kusamala nacho kwambiri pofufuza liwu lanulo. Tsegulani mbiri ya tsambalo, muone tsiku limene linalembedwa koyamba. Chilichonse chimene mungapeze cholembedwa pambuyo pa tsikulo, makamaka ngati mawu ake akufanana ndi a pa Wikipedia, muchiyese mwana wa nkhaniyo, osati kholo lake. Mufunika chinthu chakale kuposa tsambalo, kapena cholembedwa ndi munthu amene akuonetsa kuti chilankhulocho amachidziwa.

Izi sizinayambe ndi intaneti. Dikishonale yaikulu ya Webster ya ku America imene inatuluka mu 1934 inali ndi liwu loti dord, limene inati limatanthauza kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi kukula kwake. Liwu lotero kunalibe. Katswiri wa sayansi anatumiza kapepala kolembedwa kuti "D or d", kutanthauza kuti chilembo D chachikulu kapena chaching'ono chimagwiritsidwa ntchito ngati chidule cha tanthauzo limenelo, koma kapepalako kanasochera n'kuwerengedwa ngati liwu limodzi. Palibe anazindikira mpaka 1939, pamene mkonzi wina anadabwa kuti liwuli silinalembedwe kumene linachokera. Anapita kukafufuza m'mafayilo n'kupeza kapepala kaja. Chimene chinaulula cholakwacho ndi kusowa kwa chiyambi chake, ndipo chimene chinathandiza kuchikonza n'chakuti kapepala kanasungidwa. Kutchula gwero ndi ntchito yomweyo ya kapepala aka: amene abwere pambuyo panu athe kulondola mapazi anu.

Tsono pali mbali ina imene sindingaibise, chifukwa imatikhudza ife eni zilankhulo zimene zilibe mabuku ambiri. Lamulo lofuna gwero lolembedwa silipweteka anthu onse mofanana. Mawu a Chifalansa kapena Chijeremani ali ndi madikishonale a zaka mazana, nyuzipepala, mabuku a aphunzitsi a m'mayunivesite. Mawu ambiri a kwathu kuno amakhala m'kamwa mwa agogo, pamtondo, padambwe, pamaliro. Mu Malichi 2010 dziko la Kenya linatekeseka ndi Makmende, liwu la m'misewu ya ku Nairobi lonena munthu wodzionetsa ngati ngwazi, limene gulu lina loimba linalidzutsa m'kanema wa nyimbo yawo. Akenya anayesa kulemba nkhani yake pa Wikipedia ya Chingerezi, koma inafufutidwa kangapo. Inakhazikika pamene nyuzipepala zikuluzikulu, kuphatikizapo za kunja, zinalemba za Makmende. Kwa Mkenya zinali zowawa kuona kuti chinthu chimene mzinda wonse ukuchidziwa chikudikira chilolezo cha mtolankhani wa kutali. Mu 2011 Achal Prabhala, wa ku India, anayesa njira yojambula mawu a anthu a m'midzi ya ku India ndi ku South Africa kuti zonena zawo zizitengedwa ngati umboni. Wikipedia ya Chingerezi sinailandire njirayo ngati lamulo.

Dandaulo limeneli ndi loona ndipo ndimalimva m'mafupa. Koma silitifikitsa pamene mukufuna. Tikati nkhani iliyonse ya liwu lachilendo izikhala popanda umboni chifukwa eni ake alibe mabuku, amene apindule si agogo athu. Apindula ndi munthu wa m'minibasi uja ndi amene anapeka Jar'Edo Wens, chifukwa ndiwo ali ndi nthawi ndi intaneti. Njira yake ndi kusandutsa za m'kamwa kukhala zolembedwa, zokhala ndi dzina la wonena, malo ndi nthawi. Chilankhulo chathu chomwe chinalowa m'mabuku mwa njira imeneyo. Johannes Rebmann, mmishonale wa ku Germany amene ankakhala pafupi ndi Mombasa, anakumana m'zaka za m'ma 1850 ndi Salimini, munthu wogwidwa ukapolo kuchokera m'chigawo chapakati cha dziko limene lero ndi Malawi. Anakhala naye pansi n'kulemba mawu ake, ndipo dikishonaleyo inasindikizidwa mu 1877, Rebmann atamwalira kale. Ndi mawu a munthu mmodzi, koma tikudziwa kuti munthuyo anali ndani, ndipo ofufuza a masiku ano atha kuyerekeza mawu ake ndi Chichewa cha kumene anachokera. Kenaka kunabwera dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott wa ku Blantyre Mission mu 1892, ndipo mu 2000 a Centre for Language Studies ku Zomba anatulutsa mtanthauziramawu wofotokoza Chinyanja m'Chinyanja momwe. Wina akakayikira liwu lathu lero, tili ndi potsegula. Chilankhulo cha ku Asia chimene mukunenacho mwina chili ndi mabuku otere ochuluka kuposa athu, kungoti sali m'Chingerezi. Ndipo Wikipedia ya Chingerezi imalola magwero a zilankhulo zina. Ambiri saidziwa mfundo imeneyi.

Komanso kufufuta si khomo lokhalo lotulukira. Ngati liwulo lapezeka kuti ndi loona koma palibe chonena kupitirira tanthauzo, kwawo ndi ku Wiktionary, dikishonale ya banja lomwelo imene inayamba mu Disembala 2002. Kumeneko liwu la chilankhulo chokhala ndi zolembedwa zambiri limafuna umboni wa malo atatu osiyana pamene lagwiritsidwa ntchito, koma la chilankhulo chosowa zolembedwa limatha kulandiridwa ndi umboni umodzi woyenera. Anaganizirako anthu ngati ife. Ngati liwulo ndi dzina chabe la chinthu chimene chili kale ndi nkhani yake, mzere umodzi ulowe m'nkhani imeneyo, monga mmene nkhani ya ugali imatchuliranso nsima ndi sadza. Ngati mukuona kuti umboni ulipo koma mukufuna nthawi yoti mukaupeze, pemphani kuti nkhaniyo isamutsidwire kumalo a zolemba zosamalizidwa, kumene imatha kukhala miyezi isanu ndi umodzi popanda woikhudza isanachotsedwe.

Zokambirana zofufuta nkhani zimatenga masiku asanu ndi awiri, ndiye nthawi muli nayo. Yambani ndi kupeza dzina lenileni la chilankhulocho ndi mmene liwulo limalembedwera m'zilembo zake. Onani ngati Wikipedia ya chilankhulo chimenecho ili ndi nkhani yake. Ngati eni ake, amene akanayenera kunyadira liwu lokoma chonchi, sanalembepo kanthu, chimenecho chikuuzeni zinazake. Lembani uthenga kwa akonzi amene amalankhula chilankhulocho, muwafunse funso lolunjika: kodi liwuli mumalidziwa, ndipo amayi anu akalinena amatanthauza chiyani? Yankho lawo silingalembedwe ngati gwero, koma lidzakuuzani ngati mukusaka nyama imene ilipo, ndipo nthawi zambiri iwo ndi amene amadziwa dikishonale yoyenera kutsegula. Onaninso amene analemba nkhaniyo: kodi analembanso zina za dziko limenelo, kapena anangobwera tsiku limodzi n'kusowa?

Mukamalemba maganizo anu pa zokambiranazo, musanene kuti nkhaniyo ndi yokoma kapena kuti yakhalitsa, chifukwa wotseka zokambirana amayeza mfundo, sawerenga manja. Nenani zimene mwachita: ndayang'ana m'dikishonale yakuti, tsamba lakuti, ndapeza zakuti. Kapena: ndafufuza m'zilembo zake, ndafunsa olankhula chilankhulochi awiri, palibe amene akulidziwa, ndikuvomereza kuti ichoke. Ikachoka, koperani mizere inayiyo m'kope lanu pamodzi ndi tsiku. Nkhani yofufutidwa pa Wikipedia siwonongekeratu, oyang'anira amatha kuibwezeretsa munthu akabwera ndi umboni watsopano, ngakhale patapita zaka.